Mawu a Malemu Mumtsuko

Lefina Nambewe atalowa m'nyumba ndi ndowa ya thobwa pamutu, phazi lake linaponda m'madzi. Simenti yonse ya pabalaza inali itanyowa. Pakona, mlamu wake Gilbert anali atagwada, mtsuko wa madzi akumwa ataugadabuza pakati pa miyendo, akuuboola kumatako ndi msomali.

"Alamu! Mukutani ndi mtsuko wanga?"

"Tsitsani mawu, alamu, pano pakugwirika ntchito ya ukadaulo," anatero Gilbert osatembenuka n'komwe. "Waya adutsira apa. Sipika yaikuluyi tiivundikira pakamwa. Mumva nokha besi yake, mpaka m'chiwindi."

Msomali unatulukira mkati. Kaphale kanagwa pansi.

Lefina anatula ndowa pang'onopang'ono kuopa kuti angamukhuthulire nayo munthu. Mtsuko umenewo anaumba ndi mayi ake kwawo ku Santhe, ndipo iye anabwera nawo pamutu ku Lisasadzi chaka chimene Lameki anamutenga chitengwa. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, madzi ake ozizira ngakhale mu Okotobala. Ana anayi anakulira m'nyumbamo, akuthamangitsana ngati mbuzi, osauswa. Lero bambo wandevu zake wauboola ngati chitini cha panazale.

Koma zonyansa zenizeni zinali zisanafike. Gilbert anali atachotsa sipika yaikulu m'bokosi lake, ndipo poikhazika pakamwa pa mtsuko inkagwedera. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anavula nsapato, navula sokosi zonse ziwiri, nazikulunga m'mphepete mwa mtsukowo kuti sipika ikhale bwino. Fungo linadzaza nyumba ngati khoswe wofera kudenga. Sokosi zake zinali zolimba kuzidendene, zoti ukanaziimika zikanaima zokha.

"Pomwe timamwera madzi," anatero Lefina, chitenje atatseka nacho mphuno. "Mwaikapo mapazi anu pomwe achimwene anu ankamwera madzi."

"Akufa samwa madzi, alamu. Inunso, kodi mukhala mukumwera pano mpaka liti?"

Lefina anadzigwira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tsikulo silinali loti iye atukwane munthu, chifukwa linali tsiku lomusudzula. Miyezi khumi inali itatha Lameki atamwalira, ndipo abale a mwamuna anasonkhana kuti amumasule pa umasiye. Nkhani inali imodzi: akamumasula, akhala pomwepo kapena abwerera ku Santhe? Gilbert anali atayendayenda kale m'makomo kunena kuti mkazi wachitengwa ndi mlendo, mwamuna akafa ulendo wakwana. Aliyense ankadziwa chimene ankafuna. Anali ndi mkazi wachiwiri amene ankagona m'kanyumba kodontha, ndipo apa panali nyumba yamalata, munda wa maekala anayi ndi chigafa chodzaza ndi fodya amene Lefina analima yekha, atavala zakuda.

Ku Santhe kukanakhala kupita kwa yani? Mayi ake anafa, munda anagawana kalekale adzukulu. Mkazi wa zaka makumi asanu ndi zinayi akapemphe pogona kwa ana a mng'ono wake?

Chimene Lefina anali nacho chinali kamemore ka m'foni, kakang'ono ngati chikhadabo, atakamanga pamfundo ya chitenje. Mwana wake woyamba, Fainala, anajambula mawu a bambo ake pafoni m'chipatala, masiku awiri asanatsirizike, Lefina ali kunja kukaphika phala. Fainalayo anali atabwerera ku Joni kuntchito. Asanapite anawauza anthu kuti pojambulapo a Gilbert analipo, ataima kumutu kwa bedi. Gilbert anakanitsitsa, nalumbira kuti iye anafika achimwene ake atasiya kale kulankhula, ndipo mwana aliyense amanama poikira kumbuyo mayi ake. Lefina mwiniwake anali asanamvetsere mawuwo mpaka kumapeto. Ankangoti akamva kutsokomola koyamba, amazimitsa foni n'kupita kukalira kuseri kwa nkhokwe.

A Yobu, malume wa Lameki, ndiwo anali mwini mbumba. Anali munthu wosakonda mikangano, ndipo khutu lawo lakumanja linafa kalekale. Iwo anangoti, "Ngati mwana wa mlongo wanga analankhula, ndimumve ndekha." Foni inkalira ngati udzudzu, choncho anagwirizana zoti mawuwo aikidwe pa sabufa imene Lameki anagula zaka zitatu zapitazo, ya sipika yaikulu imodzi ndi tiwiri tating'ono, yoyendera batire ya sola. Ndipo poti Gilbert anaimbitsapo nyimbo pa maukwati awiri, anadzisankha yekha kukhala katswiri.

Katswiri wake ameneyo! Anthu ena Mulungu anawapatsa manja awiri n'kuiwala kuwaikira mutu. Mtsuko anaukankhira pakona penipeni. Timasipika tiwiri tija anatikweza pamwamba pa kabati ya mbale, tonse pamodzi ngati nkhunda, titayang'ana kukhoma.

"Tating'onoto mwatiloza kukhoma bwanji?" anafunsa Lefina.

"Kuti mawu amenye khoma abwere ndi mphamvu. Inu sukulu munalekera sitandade folo, izi ndi sayansi."

Anthu anayamba kulowa dzuwa litakwera. Amuna anakhala pamipando, akazi pamphasa. A Yobu anawakhazika pampando wa Lameki pafupi ndi chitseko, khutu lakufa lija litaloza kumene kunali masipika. Zelesi, mlongo wa Lameki ndi Gilbert, atangokhala pansi anakwinya mphuno.

"Kodi muno mwafera chiyani?"

"Funsani achimwene anu," anayankha Lefina. "Ndi sayansi."

Atapemphera, a Yobu anafotokoza chimene anabwerera. Gilbert anaimirira chopanda nsapato, nalandira kamemore, nakalowetsa. Anapotokola kabatani ka besi mpaka kumapeto, ka voliyumu chimodzimodzi, nadina.

Nyumba inabangula. Mtsuko unkati buu, buu, ngati ng'ombe yotsekeredwa m'chitsime. Malata, poti nyumbayo inalibe siling'i, anayamba kunjenjemera. Mbale za m'kabati zinkagundana, fumbi likugwa kudenga, mphemvu ziwiri zinatuluka kuseri kwa kalendala n'kuthawira pakhomo. Khanda la mayi wina linayamba kulira. Penapake pansi pa chiphokosocho panali munthu akulankhula, koma mawu ake ankamveka ngati akulankhula nsanza ili m'kamwa.

Lameki anali munthu wa mawu ofatsa, woti ngakhale pokalipa ankakhala ngati akupempha mchere. Lero amubangulitsa mumtsuko, kudzera m'sokosi.

Gilbert anazimitsa msanga. "Mwamva, amalume?"

"Ndamva mabingu," anatero a Yobu akudzitokosa m'khutu. "Mvula ibwera?"

Anthu ena anaseka.

"Ndi zimenezo basi," anatero Gilbert atatambasula manja. "Makinawa ndi amphamvu, ndawatsegula onse. Ngati mawu sakumveka ndiye kuti mulibe mawu. Amene akubuulayo angakhale aliyense. Mafoni a masiku ano ngakhale mbuzi amailankhulitsa."

"Bwerezani," anatero Lefina.

Anabwereza. Zinali zomwezo, kungowonjezerapo kapu imene inagwa m'kabati n'kusweka.

A Yobu anapukusa mutu mwachisoni. "Nambewe, mwana wanga, iwe watisunga bwino pamudzi pano, palibe angakane. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine sindingagamule ndi zimene sindinamve. Mwambo ndiye ukudziwika, wachitengwa akasudzulidwa..."

"Apongozi, dikirani."

"Alamu, akulu akulankhula," anatero Gilbert.

"Akulu alankhula akamva. Inu mwawamvetsa chiyani? Mimba ya mtsuko?"

Lefina anali ataimirira kale. Sanadziwe ngati Gilbert anachita dala kapena unali uchitsiru wake wa masiku onse, ndipo analibe nazo ntchito, poti zonse ziwiri zinkanunkha mofanana. Chimene ankadziwa n'chakuti Lameki sankamvera mpira kapena mitengo ya ku okushoni pabalaza. Ankati m'nyumba ya simenti ndi malata mawu amathamangitsana okhaokha. Nyengo ya fodya ankanyamula timasipika tiwirito kupita nato kuchigafa, natikhazika pamipando, iye n'kukhala pakati akusoka masamba. "Besi ndi ya ovina," ankatero. "Wofuna kumva munthu amafunsa tating'onoti."

Anapita pakona, nagwira sipika yaikulu ija, naizula pamtsuko. Sokosi anazinyamula ndi mpeni wa patebulo, osazikhudza, nakaziponya pamiyendo ya mwini wake.

"Katundu wanu uyo. Musaiwale, angakuloweni m'chuma cha masiye."

Zelesi anaphulika kuseka mpaka kugwira mnzake paphewa. "Achimwene, valani msanga, ana angakomoke!"

"Muwononga makina!" anakuwa Gilbert. "Mkazi adziwa chiyani za waya?"

"Ndinakhala ndi mwini makinawa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Inu munangowabwerekako kawiri, kachiwiriko munabweza atapsa fyuzi." Lefina anatembenukira kwa a Yobu, nagwada. "Apongozi, ndikupempha chinthu chimodzi. Tiyeni kuchigafa. Mukakapanda kumva kumeneko, ndimanga katundu lero lomwe, simuchita kundiuza."

"Mlandu wa banja kukakambira m'fodya?" anatero Gilbert. "Amalume, uku n'kunyoza."

A Yobu anaganiza pang'ono, kenako anatenga ndodo yawo. "Mwana wa mlongo wanga moyo wake wonse unathera m'chigafamo. Ngati ali ndi mawu, mwina akapezeka momwemo. Komanso muno fungo landikwana."

Chigafa chinali kuseri kwa nyumba, chachitali, chofolera ndi udzu. Fodya anali atalendewera pamikangala kuchokera kudenga mpaka m'mapewa, wina wachikasu, wina atafiira kale. Munthu ukalowamo, phokoso la panja linkatsala panja. Ngakhale nkhuku zinkamveka ngati zili kutali.

Lefina anasenza batire yekha pamutu. Zelesi, mwina chifukwa cha manyazi, ananyamula kabokosi ka mabatani ndi timasipika. Sipika yaikulu anaisiya pakhonde, waya wake ali lende. Pakati pa chigafa, pamene panali mpata wosokerapo fodya, Lefina anaika mipando iwiri motalikirana ngati mikono itatu. Pampando uliwonse anayalapo chiguduli chopinda kuti thabwa lisanjenjemere, nakhazikapo kasipika. Kenako anatenga mpando wa Lameki nauika kutsogolo, pakati penipeni.

"Khalani apa, apongozi."

A Yobu anakhala. Lefina anawerama kuyang'ana kutalika kwa makutu awo, naona kuti timasipika tatsika. Anatenga njerwa ziwiriziwiri natikweza, natipotoza pang'ono kuti tonse tiwayang'ane kumaso. Kakumanzere anakasendeza pafupi, kumbali ya khutu lamoyo.

"Mukuchita ngati mukukonza maliro ena," anatero Gilbert ataima kumbuyo, manja m'thumba.

"Ayi alamu, ndikukonza kuti oyamba aja athe."

Anabweza kabatani ka besi mpaka kumayambiriro. Voliyumu anaiika pakati. Kenako anadina.

Poyamba kunamveka kutsokomola. Kunali pafupi, koyera, ngati munthu wakhala pa mpando wina umene panalibe. Zelesi anagwira pakamwa.

"Wayatsa, Fainala? Chabwino." Anali Lameki, mawu ake ofatsa aja, otopa, mpweya ukuchita kumveka polowa ndi potuluka. "Ine ndi Lameki Phiri wa ku Lisasadzi. Amalume a Yobu, ngati mukumva, pepani kuti ndatsogola ine mwana. Nkhani yanga ndi ya Nambewe. Mkazi ameneyu ndinamutenga ali mtsikana, kwawo kulibenso kwawo. Njerwa za nyumba ija anaumba ndi iye, ine ndinkangowotcha. Munda uja zitsa anazula ndi iye ali ndi pakati pa Fainala. Mukadzamusudzula, mumusudzule ku umasiye, osati kumudzi. Akhale pomwepo mpaka adzagone pambali panga. Amene adzamuthamangitse, wathamangitsa ine."

Tsamba limodzi linathothoka n'kugwera pabondo la a Yobu, iwo osalichotsa. Lefina anali atagwira nsanamira. Masiku onse ankazimitsa foni mawu asanafike n'komwe apa. Lero sanazimitse.

Gilbert anasuntha. "Basi zatha, zimitsani, batire ingathe."

"Dzuwa lilipo lambiri," anatero Lefina. "Isiyeni."

Munamveka phokoso la m'chipatala, mawilo a bedi, mwana akulira patali. Kenako Lameki analankhulanso, motsitsa. "Gilbert, mng'ono wanga, wamva?"

Ndipo kuchokera m'kasipika kakumanzere, kaja kanali pafupi ndi khutu lamoyo la a Yobu, kunatuluka mawu ena, onenepa, odziwika kwa aliyense amene anakhalapo pa ukwati m'mudzimo.

"Ndamva, achimwene. Musadandaule. Alamu ndiwasunga ngati mayi anga ondibereka. Wowakhudza ayambe wapha ine."

Mawu anathera pomwepo.

Palibe anaseka. Zelesi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mchimwene wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi opanda sokosi, nalavula pambali.

"Munalumbira pa Baibulo m'nyumba mwanga," anatero. "Munati munafika atasiya kulankhula."

"Mafoni a masiku ano..." anayamba Gilbert.

"Amalankhulitsa mbuzi, tamva kale," anatero a Yobu. "Nambewe, bwereza pomalizira paja. Khutu langa ndi limodzi, lifuna kumva kawiri."

Lefina anabwereza. Gilbert wa m'kasipika analonjezanso kusunga alamu ake ngati mayi ake omubereka, Gilbert wa m'chigafa akuyang'ana zala za kumapazi.

A Yobu anatola tsamba lija pabondo, nalinunkhiza, nalisalaza ndi chala. "Fodya wabwino uyu. Walima wekha?"

"Ndekha, apongozi."

"Udzalimanso chaka chamawa, pamunda womwewo. Takumasula, Nambewe. Zakudazo uvule. Nyumba ndi yako, munda ndi wako, manda ako ali pano." Anatembenukira kwa mphwawo. "Iwe Gilbert, pali mboni ziwiri, wakufa ndi wamoyo, ndipo wamoyoyo ndi iwe. Ukufuna kutsutsana ndi uti?"



Akazi analulutira, koma mwapansipansi, poti panali pamaso pa mawu a malemu. Lefina sanalulutire nawo, ndipo sanalire. Mtima wake unali usanatsike. Anazimitsa makina, nachotsa kamemore, nakamanganso pamfundo ya chitenje. Kenako anapita kunyumba.

Anabwera atanyamula mtsuko uja, ataugwira ndi masamba a nthochi kuti manja ake asakhudze pakamwa pake. Anthu anali atayamba kumwa thobwa pabwalo. Anauika patsogolo pa Gilbert. Kuwala kwa dzuwa kunkaonekera pabowo.

"Alamu, pamudzi pano ndinabwera ndi chinthu chimodzi, ndi ichi. Mukanandithamangitsa ndikanabwerera nacho pamutu. Mwachiboola, ndiye kuti ulendo munaukaniza ndinu nomwe. Zikomo."

"Alamu, ndimata ndi simenti, sizivuta..."

"Mumate kuti amweremo ndani? Ine? Nyamulani. Mukapatse akazi anu aang'ono aja, muwauze kuti nyumba yamalata munawalonjeza ija ndi imeneyi."

Zelesi anatsamwa ndi thobwa. A Yobu anatembenuzira khutu lakufa kumeneko, nayamba kufunsa munthu wina za mvula.

Gilbert anayang'ana uku ndi uku kufuna womulankhulira, koma aliyense anali atalowetsa nkhope m'kapu. Anawerama, nanyamula mtsuko, naukumbatira pamimba poti mwamuna sasenza pamutu, nauyamba wa kwawo kudzera pakati pa mudzi, masana dzuwa lili pamutu, sokosi zikulendewera m'thumba la thalauza.

Lefina anatenga ndowa ndi sopo, nakolopa pabalaza kawiri, pakona paja katatu. Timasipika sanatibwezere m'nyumba. Anatisiya m'chigafa pamipando pomwepo, mpando wa Lameki uli pakati. Anthu atabalalika, anavala chitenje chamaluwa chimene chinakhala m'sutikesi miyezi khumi, natenga singano ndi mulu wa masamba, nakhala pampandopo. Fodya sadikira maliro. Anasoka masamba angapo, kenako anamasula mfundo ya chitenje chakuda chija, nalowetsa kamemore, nadina.

"Wayatsa, Fainala? Chabwino."

"Ndayatsa ndine, bambo a Fainala," anatero Lefina, singano ili m'manja. "Lankhulani. Muno mulibe achitsiru."